Mkulu wa Makina pa Mwalawankhunda

"Ndimve bwino, bambo a Kezia. Mukufuna kuti kalata yondichotsa ntchito ndiilembe ndekha?"

Margareta anafunsa ali chikhalire pakhonde, lichero la nyemba zofumbwa lili pamiyendo. Mwamuna wake, Andireya Kamphinda, anaima pabwalo ndi pepala m'manja, tayi ali chimangire pakhosi ngakhale dzuwa la Okutobala linali lowotcha ngati moto.

"Musakweze mawu, amake Kezia. Nyumba za pamishoni n'zoyandikana."

"Sindinakweze. Ndangofunsa."

"Sikuti akukuchotsani mwachipongwe ayi. Abusa akuti popeza kompyuta yatenga ntchito yonse ya mu ofesi, mpingo sungasunge anthu awiri m'chaka cha chilala ngati chino. Andipatsa zolemba pamanjazi kuti ndikazilembe pamakina, mawa asaine. Ndiye ndimati mwina inuyo mungolawirira monga mwa masiku onse. Pa dzina mutha kusiya mpata, ndidzalembapo ndekha ndi bolopeni."

"Mwandimvera chisoni. Zikomo."

Margareta anapeta nyemba kawiri, anankafumbwe n'kugwera pa nsapato zopolishidwa za mwamuna wake. Andireya anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Kompyuta yatenga ntchito," anatero mayiyo. "Imadzuka yokha m'mamawa? Imadziyatsa yokha? Mndandanda wa mabanja olandira chimanga chachikasu, midzi yonse kuchokera kuno mpaka kumalire a Ntchisi, inalemba yokha?"

"Zimenezo tikudziwa ndife awiri."

"Kalata ya azungu amene anapereka makinawo inati mpingo utumize wotaipa kuti akaphunzire. Wotaipa pa Mwalawankhunda pano ndani? Zaka khumi ndi zinayi ndikugogoda taipi ija."

"Abusa anati mkazi wapabanja sangakagone ku Lilongwe masabata awiri. Ndinanena ndine?"

"Simunanene. Munangokwera basi. Nanga munabwerako ndi chiyani?"

"Satifiketi."

"Ndi chiyaninso?"

Andireya anayang'ana kuphiri, ngati kuti yankho linali kumeneko.

Zoona zake n'zakuti kalaliki wa mpingoyu anabwerako ndi zinthu zitatu. Choyamba chinali satifiketi ija, imene anaiika m'felemu n'kuipachika pamwamba pa makina. Chachiwiri, anadziwa batani loyatsira. Chachitatu anali masewera a makadi. Ku maphunziroko anthu analipo makumi awiri, makompyuta awiri okha, ndipo mphunzitsi wake ankati dzanja limazolowera mausi, kachida kaja koyendetsa patebulo, munthu akamasuntha makadi pagalasi. Andireya anasuntha makadi masabata awiri athunthu, dzanja n'kuzolowera ndithu. Zina zonse zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Zinazo anazipeza ndi Margareta. Mwamuna wake atamupatsa kiyi tsiku lina kuti akapukute fumbi, iye anakhala pampando, natsegula buku limene linabwera m'katoni, n'kuyamba kugogoda mwamantha. Anapeza kuti makinawo sanabwere chimanjamanja. Anabwera ndi ziwiya zake ngati mkwatibwi. Munali pulogalamu yolembera makalata, imene munthu ukalakwitsa umangofufuta popanda kung'amba pepala. Munali kalendala, wotchi, yowerengetsera masamu, yojambulira zithunzi, ndi ina yokhala ngati kabokosi kosungira mayina, munthu aliyense tsamba lake. Zonsezi zinali zaulere, zobwera nawo makinawo kuchokera kumene anapangidwa. Kuyambira tsiku limenelo Margareta ankalawirira abusa asanafike, n'kulemba zonse zofunika, Andireya n'kudzazitola eyiti koloko ndi kukazipereka ndi manja awiri.

"Chimene chikundiwawa," anapitiriza Margareta, "munawauza abusa kuti mapulogalamu onse aja munaikamo ndinu. Zinthu zobwera ndi makina, zoti ngakhale mzungu amene anatsitsa makatoni uja sanaikemo."

"Nanga mumafuna ndiwauze kuti masabata awiri ndinkachita chiyani?"

"Mukanawauza zoona."

"Zoona zikanatidyetsa? Taganizani bwino, amake Kezia. Abusa akadziwa kuti makinawo sindiwatha, achotsa ine. Inuyo sakupatsani chifukwa mulibe pepala. Aitanitsa mnyamata wa ku Lilongwe. Nyumba tikukhalayi ndi ya mpingo. Kezia ali fomu firii. Mukufuna tibwerere kumudzi ndi njala imeneyi, tikaime pamzere wa chimanga chachikasu? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bola ntchito imodzi itsale m'nyumba muno."

"Ndipo yotsalayo ikhale yanu."

"Mutu wa banja ndani?"

 Margareta anadziwa kuti mwamuna wake wanena bodza losakaniza ndi zoona, ndipo zoonazo ndi zimene zinamumanga manja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anatambasula dzanja, Andireya n'kumupatsa pepala lija mwamsangamsanga, nalowa m'nyumba kukavula tayi.

M'mawa mwake Margareta anailemba kalatayo. Anakonza mawu awiri amene abusa analakwitsa, naika tsiku pamalo pake, ndipo pa dzina sanasiye mpata. Analemba yekha kuti Mayi Margareta Kamphinda, ndi zilembo zakuda bii. Pulinta italira n'kulavula pepalalo, analiyang'ana n'kuona kuti inali kalata yokongola kuposa zonse zimene analembapo. Misozi inalengeza, koma anaibweza, chifukwa ikanadontha inkiyo ikanasungunuka.

Abusa Kanyenda anamuitana cha m'ma teni. Anali munthu wamtali, wodekha, wokonda kuyamba nkhani iliyonse ndi kuusa moyo.

"Mayi Kamphinda, khalani. Nkhaniyi yativuta tonse."

"Ndaimva, abusa."

"Mwatumikira bwino. Palibe amene angakane. Koma nthawi yasintha. Taonani kalata iyi." Anaikweza m'mwamba monyadira. "Taipi yanu ija ingatulutse chinthu ngati ichi? Onani mizere kuwongoka. Ngakhale pamene ine ndinalakwitsa, makina akonza okha."

"Akonza okha, abusa?"

"Ndi mmene amuna anu anawakonzera. Mayi, muli ndi mwayi. Akuti kunja mapulogalamu amenewa ndi okwera mtengo kwambiri, koma a Kamphinda anawaphunzira pamtima n'kudzaikamo okha, asanu ndi awiri. Apulumutsa mpingo. Tawakwezeranso udindo, tsopano ndi mkulu wa makina."

Mawu anafika pakhosi pa Margareta. Akanangoti, "Abusa, aitaneni alembe dzina lawo pamakinapo, muone." Mawu ochepa okhawo, ntchito yake ikanabwerera. Koma anaona katundu wawo ali pangolo, anaona Kezia akubwera kusukulu ndi sutikesi pamutu pakati pa teremu, ndipo anaona amayi a Chigwirizano akunong'onezana kuti mkazi uja anavula mwamuna wake pagulu. Anameza.

"Munafuna kunena kanthu, mayi?"

"Ayi, abusa. Kadziwa mwini mkhuto wa fulu."

Abusa anagwedeza mutu ngati amva, nasaina kalatayo, n'kumupatsa. Anawonjezera kuti taipi yakale ija akhoza kuitenga ngati mphatso ya mpingo, popeza inalibenso ntchito.

Mwezi utatha Margareta anasiya kupita ku ofesi. Lolemba loyamba Andireya anamudzutsa monga mwa chizolowezi, kiyi ali m'manja.

"Kwacha, amake Kezia. Pali makalata atatu a ku mipingo ya kumapiri."

"Kalembeni."

"Mwati bwanji?"

"Ine ndinachotsedwa ntchito. Ndikupita kudimba."

"Musachite zachibwana. Tinapangana."

"Tinapangana kuti ndilembe kalata yondichotsa. Ndinalemba. Walira mvula walira matope, bambo a Kezia."

Sabata imeneyo makina a pa Mwalawankhunda anadwala matenda ambiri. Lolemba Andireya anauza abusa kuti atenthedwa ndi dzuwa, afunika kupuma. Lachitatu anati magetsi akubwera ochepa. Lachisanu anati mwalowa fumbi, ndipo anakhala tsiku lonse akuwapukuta ndi mpango. Makalata atatu aja anawalemba pamanja, n'kunena kuti akulu a kumapiri sakhulupirira kalata yopanda dzanja la munthu. Masana ankadzitsekera m'kachipinda ka makina, ndipo odutsa ankamva mausi ikulira, n'kumati a Kamphinda ali pantchito, tisawasokoneze. Margareta yekha ndi amene ankadziwa ntchito yake.

Kenaka abusa analengeza m'tchalitchi kuti Loweruka likubweralo makina adzapatulidwa. Akulu a mpingo a nthambi zonse adzabwera, amayi a Chigwirizano adzaimba, tcheyamani wa Chipani waitanidwa, ndipo mkulu wa makina adzaonetsa anthu zimene makinawo amachita.

 Masiku atatu Andireya sanadye bwino. Lachisanu masana anamutsatira mkazi wake kudimba, nsapato zopolishidwa zikumira m'matope.

"Amake Kezia, ndagwira mwendo wanu."

"Khalani pamzerepo ndikuphunzitseni. Lero ndi mawa m'mawa mukhoza kudziwa kutsegula kalata ndi mndandanda. Si zovuta."

"Mundiphunzitse inu? Munthu wa satifiketi?"

"Ndiye mwadzeranji?"

"Mungopita mawa m'mamawa, mukayatse, mukatsegule mndandanda wa mayina uja, mukausiye uli pagalasi. Ine ndidzangoloza ndi kufotokoza. Kamodzi kokhaka. Mukakana, Lolemba tikusamuka."

Margareta anathirira mpiru mizere iwiri. Anamuyang'ana bambo wa mwana wake, thukuta lili kamukamu, tayi atapindikira paphewa, ndipo chisoni chinamugwira ngakhale sanachifune.

"Kamodzi kokhaka," anatero.

Loweruka Margareta anachita monga mwamuna wake anapempha. Anayatsa, natsegula kabokosi ka mayina, nasiya tsamba la banja loyamba lili pagalasi, n'kukavala yunifolomu yake ya Chigwirizano. Makinawo anali atawatulutsira kale dzulo lake mu ofesi yaikulu, patebulo loyala nsalu yoyera. Pofika naini koloko akulu a mpingo anadzaza mabenchi. Amayi anakhala pamphasa cha kukhomo, ena n'kumasuzumira pamazenera. Tcheyamani wa Chipani anapatsidwa mpando wandalema kutsogolo, baji yake ikuwala pachifuwa.

Zonse zikanayenda bwino pakanapanda a Samueli Chingondo. Awa anali mkulu wa mpingo wakale kuposa onse, munthu amene anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni zaka khumi ndi ziwiri n'kubwerako ndi chipewa, chifuwa ndi chikhulupiriro chowawa ngati tsabola. Anthu amene anawaimitsa pa Mgonero chifukwa cha mowa, fodya ndi njuga akanadzaza tchalitchi chawochawo. Abusa atangoti tiyeni tipemphere, a Samueli anakweza ndodo.

"Pepani, abusa. Chinthuchi chikuyaka."

"Inde, a Chingondo."

"Tingapatule bwanji chinthu choyaka kale? Nyumba timaipempherera tisanalowemo. Chakudya timachipempherera tisanadye. Chizimitsidwe, tipemphere, kenaka chiyatsidwe m'dzina la Ambuye."

Akulu onse anavomera kuti mawu ndi amenewo. Andireya anatsegula pakamwa, koma a Samueli anali atafika kale pakhoma, n'kuzimitsa ndi nsonga ya ndodo. Galasi linada. Margareta ali pamphasa anatseka maso nthawi yopemphera isanakwane.

Pempherolo linali lalitali. Abusa anathokoza chifukwa cha abale akunja, chifukwa cha mtendere ndi bata, chifukwa cha chimanga chachikasu, ndiponso chifukwa cha luso limene Mulungu anaika m'manja mwa mtumiki wake Andireya. Atati amen, tcheyamani anatsokomola.

"Ndisanaone, ndifunse. Masiku ano kukuyenda timakalata tachipongwe tonyoza boma, topanda dzina. Akuti timalembedwa pamakina ngati amenewa. Ndani amawagwira awa?"

Apa Andireya anapeza mpata wolankhula zimene amatha. Anaimirira n'kukonza tayi.

"Ine ndekha, bwana tcheyamani. Kiyi amakhala m'thumba mwanga usana ndi usiku. Chilichonse chili m'makinamu ndinaikamo ndine ndi manja angawa. Palibe chimalowa kapena kutuluka osadzera kwa ine."

"Mwamva nonse," anatero tcheyamani. "Yatsani."

Kuyatsa anayatsa bwino, ndipo amayi anaimba nthungululu galasi litawala. Kenaka panaoneka timazenera tating'ono tambirimbiri, tofanana ngati nyumba za aphunzitsi. Andireya anakhala pampando, nagwira mausi.  Anatsegula kena, kanatulutsa mawu achizungu ofunsa funso, iye n'kubwerera msanga. Anatsegula kena, kanalira. Anthu anayamba kusuntha pamabenchi. Anatembenuka kufuna maso a mkazi wake, koma pakati pa amayi makumi atatu ovala zofanana sanamupeze. Ndipo dzanja, likasowa kolowera, limapita kumene linazolowera. Mausi inalira kawiri.

Galasi lonse linasanduka lobiriwira. Makadi anadziyala okha, milu isanu ndi iwiri, ofiira ndi akuda, mfumu ya ndevu ili pamwamba pa mulu wapakati.

 Amayi a pazenera anakankhana kuti aone. A Samueli anadzuka pang'onopang'ono, nayandikira, navala magalasi awo, n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi.

"Abusa," anatero, "tapempherera njuga."

"A Chingondo, mwina ndi..."

"Ine makadi ndimawadziwa. Ndaona anthu akubayana ndi mipeni ku Joni chifukwa cha zimenezi. Iyi ndi njuga, mu ofesi ya mpingo, patebulo la nsalu yoyera. Mwezi wathawu tinaimitsa anyamata anayi a ku Bowe chifukwa chotchova pansi pa mtengo. Nanga wotchovera m'nyumba ya Mulungu timutani?"

Abusa anausa moyo, ulendo uno moona.

"A Kamphinda, mwangonena kumene kuti chilichonse chili m'makinamu munaikamo ndinu."

Andireya anayang'ana makadi, nayang'ana abusa, nayang'ana tcheyamani. Njira zinalipo ziwiri. Akavomera kuti anaikamo ndi iye, ndiye kuti Mgonero watha, ukalaliki watha. Akanena kuti zinabwera ndi makina, ndiye kuti miyezi itatu wakhala akudyera bodza. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma Andireya anapeza njira yachitatu.

"Abusa, zinazo ndinaikamo ndine. Koma izi sindikuzidziwa. Kunena zoona, nthawi zina kiyi ndimabwereka amayi akunyumba kuti akasese. Lero m'mawa analowamo. Mwina poti anachotsedwa ntchito, mtima unawawawa."

 Kuchotsedwa ntchito kunamuwawa Margareta, kulemba yekha kalata kunamuwawa, koma izi zinapitirira zonse. Munthu amene anamubisira manyazi miyezi itatu, amene dzulo lomweli anamugwira mwendo kudimba, anali kumupereka kwa a Samueli ngati nkhuku ya alendo. Maso onse anatembenukira kumphasa.

"Mayi Kamphinda," anaitana abusa, "muli pano?"

Anadzuka, nakonza mpango wake woyera, nayenda pakati pa mabenchi. Atafika kutsogolo anagwada monga mwa mwambo.

"Ndili pano, abusa."

"Mwamva zimene anena amuna anu. Munaikamo ndinu makadiwa?"

"Sindinaikemo. Iwonso sanaikemo. M'makinamu mulibe chimene anaikamo munthu wa pa Mwalawankhunda. Ndiloleni ndikhale pampandopo."

Andireya anachoka pampando asanauzidwe. Margareta anakhala, nagwira mausi, ndipo makadi anazimirira nthawi yomweyo. Ena mwa akulu anapumira m'mwamba.

"Makinawa anabwera ndi zinthu zake," anatero, mawu ali phee ngati akuwerenga vesi. "Onse amtundu umenewu amabwera choncho, zaulere, ndipo zalembedwa m'buku limene lili m'katoni. Iyi ndi yolembera makalata. Makalata onse amene mwasaina chifikire makinawa ali umu, abusa. Iyi ndi kalendala. Onani, Mgonero wa ku nthambi zonse mpaka Khirisimasi. Iyi ndi ya masamu. Iyi ndi yojambulira, ndi imene inajambula mtanda wa pa pulogalamu ya maliro a amayi abusa akale. Aka ndi kabokosi ka mayina. A Chingondo, mudzi wanu ndi uti?"

"Kwa Mphanda."

Anagogoda pang'ono. "Samueli Chingondo, mudzi wa Mphanda, anthu asanu ndi anayi pakhomo, alandire matumba awiri. Ndalakwitsa?"

A Samueli anaweramanso, nawerenga dzina lawo ndi chala. "Simunalakwitse."

"Makadi aja nawonso anabwera momwemo, pamodzi ndi zonsezi. Akuti ndi ophunzitsira dzanja. Munthu amasewera yekha, palibe ndalama. Ine ndinalibe nthawi yake."

"Nanga zonsezi ankalemba ndani?" anafunsa abusa, ngakhale yankho linali litakhala pampando patsogolo pawo.

"Afunseni a mkulu wa makina alembe dzina lawo apa, muone."

Palibe amene anawafunsa. Andireya anali ataima pafupi ndi khoma akuwerenga njerwa zapansi. Kuchokera pazenera kunamveka kuseka kwa mayi wina, anzake n'kumutseka pakamwa. Tcheyamani anati iye zake wamva, bola mulibe timakalata tachipongwe, zinazo ndi za mpingo.

Abusa anapempha amayi kuti atuluke pang'ono akulu akambirane, koma anauza Margareta kuti atsale pakhomo. Anaima pamenepo akumva zonse, chifukwa akulu a mpingo akamanong'ona amamveka mpaka kuchigayo. Anayamba kukhala ndi chiyembekezo, ndipo anadzida chifukwa cha chiyembekezocho. Anali ataganiza kale kuti Lolemba ayambira makalata a kumapiri.

Atamuitana, abusa analankhula ataimirira.

"Mayi, akulu aona kuti mulibe mlandu wa njuga. A Kamphinda nawonso alibe, popeza makadiwo sanaikemo ndi iwo. Pa za mawu ena amene ananena mopitirira, tiwalangiza mwamseri. Munthu salakwira mtengo."

"Zikomo, abusa."

"Pa za ntchito, akulu aona motere. Satifiketi ili m'dzina la a Kamphinda, ndipo abale akunja akafunsa tidzawaonetsa pepala. Komanso sichingakhale chanzeru kuti mpingo uike mkazi pamwamba pa mwamuna wake, tingapasule banja ndi manja athu. Choncho a Kamphinda apitiriza kukhala mkulu wa makina. Inu muzibwera m'mawa uliwonse kudzawathandiza, modzipereka, monga ntchito ya Chigwirizano. Simudzabisalanso ayi. Malipiro awo ndi anu omwe, poti amalowa m'nyumba imodzi."

"Ndi chiweruzo chabwino," anatero a Samueli. "Aliyense wapeza."

Margareta anawayang'ana mmodzimmodzi. Anali anthu amene anawalembera makalata zaka khumi ndi zinayi, amene ana awo anawalembera mapepala a ubatizo ndi a ukwati. Palibe amene anaoneka wamanyazi. Ankaoneka ngati anthu amene asenza bwino denga lolemera. Andireya anali atayamba kale kukonza tayi.

"Modzipereka ndadzipereka kale miyezi itatu, abusa," anatero. "Zakwana. Koma mundilole ndikubwezereni makina anu monga ndinawapezera."

Anawerama patebulo osakhala n'komwe pampando. Anatseka kabokosi ka mayina, natseka kalendala, natseka makalata. Mausi inalira kawiri, galasi n'kubiriwiranso, makadi n'kudziyala milu isanu ndi iwiri pamaso pa akulu onse a mpingo.

"Mayi Kamphinda, chotsani zimenezo," anatero abusa.

"Mkulu wa makina alipo. Achotsa."

Anagwada pang'ono, natuluka. Amayi a pakhomo anamupatukira. Margareta ankadziwa kuti ntchito yapita ndipo sidzabweranso, ankadziwanso kuti madzulo adzaphikira munthu yemweyo, m'nyumba yomweyo ya mpingo. Atazungulira kuseri kwa ofesi anaima pansi pa zenera n'kugwira khoma kuti apume.

 Kuchokera m'katimo ankangomva mausi ikukhwekhwereza patebulo, kulira, kukhwekhwerezanso. Mwamuna wake ankafunafuna potsekera, ndipo mwa mantha ake ayenera kuti anakoka khadi m'malo mwake. Abusa anausa moyo. Kenaka panamveka mawu a a Samueli Chingondo, otsika, osaleza mtima, ngati a munthu amene wapirira mokwanira poona mnzake akuwononga ntchito.

"Osati pamenepo, a Kamphinda. Seveni yofiirayo iikeni pa eyiti yakudayo."